Aatali Kumbuyo, Aafupi Kutsogolo

Inu amene mumati mizimu imadikira mdima, senderani kuno mumve. Izi zinachitika dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene ngakhale mwana wamantha amapita yekha kuchitsime.

Ku Balaka kunali mkulu wina wojambula zithunzi, dzina lake Wedisoni Kamtedza. Koma mukanafika pa depoti n'kufunsa za a Kamtedza, anthu akanangoyang'anana. Onse ankawadziwa kuti a Musagwedezeke. Kwa zaka makumi anayi, pa ukwati, pa chinkhoswe, pa ubatizo ngakhale pa timu ya mpira ya pasukulu, mkuluyu ankanena mawu omwewo osasintha: "Tiyeni tonse tilowe, pasatsale munthu! Aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo. Musagwedezeke!" Kamera ikangolira, ankamaliza ndi kuti, "Zithunzi Lachisanu, ndibweretsa ndekha."

Ndipo ankabweretsadi. Ulemu wawo wonse unali pamenepo. Anthu amakumbukabe chaka cha madzi osefukira, pamene anaoloka mtsinje wa Rivirivi madzi ali m'chifuwa, envelopu atailuma kukamwa, kukapereka chithunzi chimodzi chokha kwa mayi wina wa ku Utale. Malemu akazi awo ankawanena kuti, "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, inu lidzakumizani." Iwo ankangoseka n'kupopa njinga.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene anajambula Balaka yense analibe chithunzi chakechake, kupatula ka pa chiphaso komwe ankaoneka ngati wothawa kundende. Mwana wawo Felesiya akawapempha kuti aime awajambule, ankakana. "Mmisiri saima kutsogolo, mayi," ankatero.

Pakhoma la situdiyo yawo panapachikidwa kalendala yakalekale, yosuluka, imene anapatsidwa ali mnyamata wophunzira ntchito. Inali ndi chithunzi cha linga lamiyala la pachilumba cha Kilwa, ku nyanja yamchere ku Tanzania. Bambo awo a Kamtedza anali omanga nyumba, anamanga masitolo ambiri a eni ake popanda wowakumbukira, choncho mwana wawoyu ankadziwa kuyang'ana khoma. Ankaima pa kalendalayo, manja kumbuyo, n'kumatsata mizere ya miyala. Ankati tsiku lina adzapita akajambule lingalo ndi kamera yawo. Tsiku linalo linatha zaka makumi anayi lisanafike.

Kenaka maso anayamba kuwathawa. Sinali ng'ala yoti adokotala n'kuchotsa ayi. Dziko linkawachepera kuchokera m'mbali, mwezi ndi mwezi, mpaka ankaona ngati munthu wosuzumira m'bango. Dokotala sanawabisire. "Ngati pali chimene mukufuna kuona, bambo, kachioneni tsopano. Musadikire mvula."

Felesiya, yemwe anali namwino, anamva mawuwa ali chiimire pakhomo. Anapempha tchuthi cha masiku ochepa, naika m'kagalimoto kake kamera, miyendo yake itatu, ndi kamakina kotsukira zithunzi kamene kamayendera batire ya galimoto. Anawauziratu bambo akewo kuti Loweruka la sabata yotsatira m'mawa, zivute zitani, adzayenera kuyamba ulendo wobwerera, chifukwa odwala sadikira. Lachisanu ndilo linali tsiku la Kilwa.

Anayenda masiku anayi asanaone nyanja yamchere. Atafika, a Kamtedza anapinda buluku, nalowa m'madzi, natapa pang'ono n'kulawa. Analavula nkhope itakwinyika. "Iwe Fele, anathira mchere wonsewu ndani? Analibe omulangiza?" Felesiya anaseka mpaka misozi, ndipo kanali koyamba kuseka chichokereni kwa dokotala kuja.

Kuchokera pamenepo analunjika kumpoto, nyanja ili kudzanja lamanja. Msewu wa m'mphepetewo uli ndi mabwinja a anthu akale, pena khoma lotsala lokha, pena manda okhala ndi chipilala. Paliponse a Kamtedza ankaimitsa galimoto, n'kuvula chipewa asanajambule. Felesiya ankati akawayang'ana akuyendetsa mutu pang'onopang'ono kuti khoma lonse lidutse pa kabowo kamene kanawatsalira, ankatembenuka n'kumanamizira kufuna china m'chikwama.

Lachitatu m'mawa anaona kachikwangwani kolembedwa ndi dzanja, kakuloza kanjira kamchenga kolowera kunyanja. Anakhota. Kumapeto kwa kanjirako, pakachitunda, panali linga laling'ono lomwe silinali pa mapu awo. Denga linagwa kalekale, ndipo mlambe unamera pangodya n'kukumbatira khoma ndi mizu yake. Koma khoma lakumaso linali chiimire, lowongoka ngati alimanga dzana. Pakati panali khomo lopindika pamwamba, ndipo mbali zonse ziwiri kunali timphako tosemedwa m'khoma, tondandalikana m'mizere.

Chapatali pang'ono mayi wina wachikulire ankaotcha miyala ya m'nyanja pamulu wa nkhuni kuti apange njereza, ija timati laimu. Anawapatsa moni m'Chiswahili, koma atamva malankhulidwe awo anasinthira ku Chiyao, chimene a Kamtedza ankachidziwa monga munthu wa ku Balaka. Anati dzina lake ndi Abiti Twaliki, nawauza kuti aone mmene angafunire.

A Kamtedza anafika pakhomapo n'kungoti kakasi. Miyalayo inali yobookabooka ngati zisa za njuchi, yovuta kusema, koma wina anaisema mpaka kukhala yosalala m'mphepete, n'kuilumikiza ndi njereza mopanda mpata wolowetsa ngakhale chikhadabo.

"Mayi, taona ngodya iyi," anatero kwa Felesiya. "Popanda simenti, popanda chitsulo. Mphepo yamchere yakhala ikumenya pano usana ndi usiku, koma taona! Agogo ako akanakhala pano akanalira."

Felesiya anawerenga chikwangwani chadzimbiri chomwe chinali pafupi. "Akuti linamangidwa zaka zoposa mazana asanu zapitazo, ndi mfumu ina ya amalonda."

"Mfumuyo inanyamulapo mwala?"

"Sanalembe zimenezo, ababa."

"Nanga maina a amisiri?"

"Palibe."

A Kamtedza anapukusa mutu. Anaimika kamera pa miyendo yake, nakhala pamuzu wa mlambe kudikira kuti dzuwa lifike pamene ankafuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi mkuluyu analibe mnzake. Anadikira ola lathunthu. Kuwala kutagwera pakhomo paja, timphako tonse n'kuoneka kuya kwake, anadzuka, naika diso pa kamera, nakweza dzanja lamanzere. Ndipo pakamwa, pozolowera zaka makumi anayi, panalankhula pokha.

"Tiyeni tonse tilowe, pasatsale munthu! Aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo."

Nyenje zomwe zinkalira mumlambe zinangoti zii. Mafunde omwe ankamveka kuseri kwa chitunda anamveka ngati apita kutali. Mphepo inaleka. Ndiye munali mukachetechete momwemo mmene a Kamtedza anamva mchenga ukulira pansi, ngati ukupondedwa ndi mapazi ambiri opanda nsapato, ena kuchokera kumanzere, ena kumanja, osathamanga. Anaganiza kuti ndi magazi akuwomba m'makutu chifukwa cha kutentha. Anadikira kuti phokosolo lithe, monga ankachitira gulu likamakonzeka.

"Musagwedezeke!"

Kamera inalira.

"Zithunzi Lachisanu, ndibweretsa ndekha."

Felesiya anaphulika ndi phwete. "Ababa! Mukulonjeza miyala?" Iwonso anaseka, manyazi atawagwira. Nyenje zinayambanso kulira. Koma Abiti Twaliki anali ataimirira pamoto wake, dzanja lili pakamwa, ndipo sankaseka.

"Mwati Lachisanu?" anafunsa.

"N'chizolowezi chabe, mayi. Ukalamba."

Mayiyo anayang'ana khoma, kenaka anayang'ana iwo. "Chabwino," anatero. "Mawu afika."

Popakira katundu anapeza kuti kachivundikiro ka diso la kamera kasowa. A Kamtedza ankakaika m'thumba la malaya nthawi zonse, ndipo kanali kasanatayikepo. Anafufuza mumchenga mpaka kutopa, kenaka anakulunga kamera ndi mpango n'kunyamuka.

Galimoto inatuluka m'kanjira kaja movutikira. Pamsewu waukulu inkalira ngati yasenza matumba a chimanga, chonsecho kumbuyo kunali zikwama ziwiri zokha. Felesiya anaima kuti aone matayala. Matayala anali bwino, koma pachitseko chakumbuyo panali zidindo za manja, zoyera mbee. Anati mwina ndi Abiti Twaliki anatsamira pamenepo. Atayang'anitsitsa anaona kuti manjawo anali osiyanasiyana, ena aakulu, ena aang'ono, ndipo limodzi linali ndi zala zinayi zokha. Anapukuta ndi nsanza osawauza bambo ake.

Dzuwa litapendeka pang'ono anadutsa gulu la anthu pansi pa mitengo m'mphepete mwa msewu. Anali atavala nsalu m'chiuno basi, mikono yoyera mpaka m'zigongono. Sankaimitsa galimoto, sankagulitsa kanthu, anangoima m'mizere iwiri. Felesiya anati ndi anthu opanga mchere. Atayenda mtunda wautali, pakona ina, anawaonanso. Ulendo wachitatu anazindikira chomwe chinkamuvuta mumtima: aatali anali kumbuyo, aafupi kutsogolo. Anayang'ana bambo ake, koma iwo za m'mbali sankaziona, maso awo anali patsogolo pokha. Anatsegula wailesi n'kukweza mawu.

Lachinayi masana anaima pa kanyumba kogulitsira tiyi. Felesiya anatolako Chiswahili pamene ankagwira ntchito ku Karonga, choncho anaitanitsa tiyi wa anthu awiri. Mayi wa pamalopo anawasambitsa m'manja, kenaka ananyamula beseni ndi jagi n'kutuluka panja, kumene kunali galimoto. Anakhalako kanthawi. Pobwera, nkhope yake inali ya munthu amene waiwala chimene anatulukira. Anayang'ana m'besenimo, nayang'ana alendo ake. Madziwo anali oyera ngati mkaka.

Madzulo a tsikulo anaima pa bwinja lina la mzikiti wakale. A Kamtedza ataika diso pa kamera anamva wina akutsokomola kumbuyo kwawo. Sichinali chifuwa cha matenda. Kanali kachifuwa kaulemu, kaja amakhosomola munthu amene wafika pa situdiyo kudzafunsa za chithunzi chake koma safuna kuoneka ngati akukufulumizitsa. A Kamtedza anakamva kachifuwa kotere kambirimbiri pa moyo wawo. Anatembenuka thupi lonse, nayendetsa kabowo kawo uku ndi uku. Panali Felesiya yekha, ataima patali, atadzikumbatira ngakhale kunkatentha.

"Watsokomola ndiwe, mayi?"

"Ayi, ababa."

"Ndimayesa," anatero, ndipo sanajambulenso tsiku limenelo.

Lachisanu m'mawa anafika padoko pamene anthu amakwerera mabwato opita kuchilumba cha Kilwa. Kumwamba kunalibe kamtambo. A Kamtedza anavala jekete lawo la paukwati ndi tayi, kamera ili pachifuwa. Felesiya anapita kwa mwini bwato wina, bambo wamfupi wa ndevu zoyera, namuuza kuti akufuna kuoloka.

Bamboyo anayang'ana kumbuyo kwawo, milomo ikuwerenga. "Bwato langa limanyamula anthu khumi," anatero. "Enawa adikire ulendo wachiwiri."

"Ena ati?" anafunsa Felesiya.

Bamboyo anakweza dzanja kuti aloze, koma dzanjalo linaima m'malere. Anaphethira kawiri. Kenaka anamasula chingwe mwakachetechete, nakankha bwato lake lopanda munthu n'kupita, osacheukanso.

Felesiya anathamangira kwa mwini bwato wina, wachinyamata, wa bwato la injini. Uyu sanaone kanthu kachilendo, anangoti akwere, anyamuka pompano. Felesiya anabwerera kudzawatenga bambo ake, koma anawapeza ataima pa galimoto.

"Tanditsukira chithunzi cha dzana chija," anatero. "Cha pa linga laling'ono."

"Ababa, bwato likudikira."

"Tsuka, mayi."

Kamakina kanalira, pepala linatuluka. Felesiya analiyang'ana ndipo ngakhale anali ndi mantha, anagoma. Khoma lija linatuluka lonse, mwala uliwonse ndi maonekedwe ake, khomo likuwala ngati mkati muli nyale. Chinali chithunzi choposa zonse zimene bambo ake anajambulapo. Munthu sanamuonemo. Koma pamchenga, m'munsi mwa khoma, panali mithunzi yambiri yogundana, ndipo pamalopo panalibe mtengo kapena chipilala choti n'kuponya mithunzi yotero.

A Kamtedza anatenga pepalalo, nalisendeza pafupi ndi diso, nayamba kuliyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Milomo yawo inkagwedera. Atafika kumapeto anabwereranso mzere wachiwiri.

"Makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi," anatero. Kenaka anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Uyu wakumapetoyu waphethira. Sipalephera kukhala mmodzi wophethira."

"Mukuona chiyani, ababa?"

"Aima bwino, mwanawe. Zaka zonsezi sindinaonepo gulu loima bwino chonchi. Mapewa awa ndi a anthu onyamula miyala." Zambiri sananene, ndipo mpaka lero sananenepo. Anangofunsa kuti, "Kubwerera kumene kuja ndi maola angati?"

Felesiya anadziwa kumene nkhani ikulowera, ndipo mkwiyo unamugwira, mkwiyo wa munthu amene akukonda. "Asanu kapena asanu ndi limodzi. Tikabwerera, kuno sitibweranso. Mawa ndi ulendo wa kunyumba, mukudziwa. Ababa, linga lanu ndi ilo, likuoneka pompano! Tioloke, mujambule, zithunzi zawozo tikawapatsa mawa podutsa."

"Mawa ndi Loweruka."

"Anthu akufa amadziwa Lachisanu?"

"Anayenda nafe masiku awiri osatikhudza, osatiopseza. Akungodikira. Amadziwa."

"Nanga maso anu adikira?" Apa Felesiya analira ndithu, anthu padoko n'kumawayang'ana. "Dokotala ananena. Chaka chamawa mulibe choonera. Zaka makumi anayi mukuyang'ana kalendala, lero mwafika pakhomo mubwerere?"

A Kamtedza anagwira kamera yomwe inali pachifuwa pawo. Musaganize kuti zinali zophweka. Mtima unkawawa ngati wa mwana wolandidwa chakudya chili kukamwa. Anatembenukira kunyanja, nafunafuna ndi kabowo kawo, koma madzi ankanyezimira kwambiri moti anangoona kachinthu kofiirira kakuyandama m'kuwala.

"Tandiuza mmene likuonekera," anatero.

Felesiya anapukuta misozi, nawauza zimene ankaona kutsidyako: makoma aatali ofiirira, nsanja pangodya, mitengo yobiriwira kumbuyo, timabwato tikudutsa m'munsi. A Kamtedza anamvetsera mutu uli pansi. Atatha anavula chipewa, naweramira kuchilumbako monga amachitira munthu podutsa pakhomo pa wamkulu.

"Ilo lajambulidwa ndi anthu ambiri, silindisowa ine," anatero. "Koma awa ndinawaitana ndine. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinasiya mlomo, ndiye tiye tikautenge."

Pobwerera galimoto inathamanga ngati ikukankhidwa. M'mphepete mwa msewu munalibenso gulu lija. Atayenda maola atatu, Felesiya anatambasula dzanja n'kukonza tayi ya bambo ake yomwe inapendekeka.

Anafika pa linga laling'ono dzuwa litapendeka koma likadali ndi mphamvu. Anapeza bwalo lonse lakumaso kwa khoma litasesedwa bwinobwino, ndipo Abiti Twaliki atakhala pamuzu wa mlambe, atavala nsalu yatsopano.

"Ndimadziwa kuti mubwera," anatero. Kenaka anaseka. "Ayi, ndanama. Sindimadziwa. Koma ndinasesabe."

"Ndi ndani anthuwa, mayi?" anafunsa a Kamtedza.

"Ine ndingadziwe bwanji? Ndimangootcha njereza monga ankaotchera amayi anga. Ndimangodziwa kuti ng'anjo yanga ikafuna kuzima, pena ndimapeza wina wasonkhezera." Analoza khoma ndi chibwano. "Alendo amabwera ndi makamera, azungu, amwenye, akuda anzathu. Onse mawu awo ndi amodzi: tapatukani, tikufuna khoma lokha. Ngakhale ine amandithamangitsa pamenepo. Chibadwire changa sindinamvepo munthu akuti tiyeni tonse tilowe."

Felesiya analumikiza kamakina ku batire. Mapepala amene anasungira zithunzi za Kilwa anayamba kutuluka limodzilimodzi, onse ndi chithunzi chomwecho, chifukwa lamulo la a Kamtedza linali lakuti pagulu aliyense alandire chake. Iwo ankauzira pepala lililonse kuti liume, n'kuliika m'kamphako kake m'khoma, n'kulitsindira ndi kamwala. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, nakonza jekete, nawomba m'manja katatu mwaulemu.

"Odi, eni khoma! Ndine Kamtedza wa ku Balaka, mwana wa mmisiri mnzanu. Lero ndi Lachisanu."

Nyenje zinati zii.

Poyamba kunamveka timiyala tikugwera pamchenga, kamodzikamodzi. Kenaka mapepala akukhwekhwereza. Felesiya anatseka maso n'kugwira mkono wa bambo ake mwamphamvu. Abiti Twaliki anafunda nsalu kumutu. Ndiye panabwera phokoso limene a Kamtedza ankalidziwa kuposa lina lililonse padziko: manong'onong'o a anthu amene akudziona koyamba pa pepala. Wina anapumira m'mwamba. Wina anaseka chapansipansi, ena n'kumuyankha, mwina ankaseka mnzawo wophethira uja. Chilankhulo sichinkamveka, koma a Kamtedza anaima nyomi ngati amva mawu aliwonse.

Ali chiimire choncho, china chake chinawagwira padzanja lamanja. Chinali chokhakhala, chofunda ngati mwala wokhala padzuwa. Sanachite mantha. Chinawatsogolera kukhoma, Felesiya akukokeka nawo maso ali chitsekere, n'kuika chikhatho chawo pamwala. Chinayendetsa zala zawo m'mphepete mwa khomo, kutsata kupindika kwake, n'kuima pamene miyala iwiri inakumana. Pamenepo, mu njereza youma, a Kamtedza anakhudza kachidindo ka chala chachikulu cha munthu, pamene wina anatsindira ntchito yake tsiku limene anaimaliza. Chinawapititsa pena, panalinso china. Anayenda choncho khoma lonse, ndipo anazindikira kuti atseka maso kalekale koma akuliona bwino kuposa mmene analionera Lachitatu.

Atafika pakati pa khomo, manja awiri anawagwira m'mapewa n'kuwatembenuza kuti ayang'ane kubwalo. Anamukokeranso Felesiya pafupi, kutsogolo pang'ono, chifukwa anali wamfupi. Kamera inali pa miyendo yake chapatali, pamene Felesiya anaiimika mwachizolowezi atangofika, ndipo pafupi nayo panalibe munthu.

"Tsegula maso, mayi," ananong'ona a Kamtedza. "Usagwedezeke."

Kamera inalira.

Nyenje zinayambiranso, mafunde anabwerera, mphepo inawomba. M'timphako monse munalibe pepala ngakhale limodzi, ndipo pamchenga wosesedwa uja panali timiyala tokha. Pamwamba pa kamera panali kachivundikiro kaja, katapukutidwa bwino.

Mvula yoyamba isanagwe chaka chimenecho, kabowo kaja kanatsekeka. A Kamtedza sanadandaule monga anthu ankayembekezera. Masiku ano mukawayendera amakupemphani kuti muwatsogolere kukhoma la nyumba iliyonse yatsopano, n'kuliyendetsa chikhatho, n'kukuuzani ngati womangayo anali mmisiri kapena wongofuna kudya.

Kalendala ija Felesiya anaitsitsa, iwo atamuuza okha. Pamsomali womwewo pali chithunzi cha bambo wovala jekete ndi tayi, ndi mwana wake wamkazi wotupa maso ndi kulira, ataima pakhomo lamiyala. Pa phewa la jeketelo pali chidindo choyera cha dzanja la zala zinayi. Jeketelo likadalipo, ndipo aletsa kulichapa.

Anthu odziwa ntchito akafika amachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chifukwa n'chowongoka modabwitsa. Sichinapendekere ngakhale pang'ono, khomo lili pakatikati penipeni. Ndiye amafunsa kuti, "A Musagwedezeke, si inu munkati mmisiri saima kutsogolo? Anakujambulani ndani?"

Mkuluyo amatembenuzira nkhope kumene kukuchokera mawu, n'kumwetulira.

"Mmisiri mnzanga," amatero. "Kamera anaigwira koyamba tsiku lomwelo. Koma munthu amene anaimika khoma lija, mukuganiza kuti dzanja lake likanagwedezeka?"